OLEMBA MABUKU A ANA AMENE ANAPHUNZIRA KU KHOLA NDI KU MUNDA

Nkhani yokambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Zaulimi

Masiku onse mumandimva ndiri kunena za manyowa, za mizere yopingasa chitunda ndi za dibi la ng'ombe. Lero ndapempha kuti ndipatuke pang'ono, ndikambe za anthu olemba mabuku a ana ndi ojambula zithunzi za m'mabukumo. Musatseke wailesi msanga, pakuti muona kuti nkhaniyi siipita kutali ndi khola.

Chandiyambitsa ndi ichi. Mwezi wathawu ndinali pa ulendo m'mudzi wina, ndipo ndinapeza bambo ali kukalipira mwana wache wa zaka ngati khumi ndi chimodzi. Mlandu unali wakuti mnyamatayo anatha masamba a kope la kusukulu ndi kujambula mbuzi za atate wache. Bamboyo anatembenukira kwa ine nati, "Alangizi, tandiuzani, kodi kujambula kudyetsa yani?" Ine ndinatenga kopelo. Mbuzi zonse zisanu ndi imodzi zinalimo, iri yonse ndi maonekedwe ache, koma imodzi anaijambula itakhotetsa msana, ubweya utanyankhalala, ndi pansi pa chibwano potupa. Titapita kukhola tinaipeza iri chomwecho, ndipo inali ndi njoka za m'mimba. Mwana anaona chimene mwini mbuzi anali asanachione. Funso la bambo uja sindinaliyankhe bwino tsiku limenelo, tsono ndifuna kuliyankha lero.

Mphotho zimenezi n'zotani?

Monga ife tiri ndi chionetsero cha zaulimi, kumene oweruza amayang'ana chimanga ndi ng'ombe nasankha zopambana, momwemonso m'maiko ena muli oweruza a mabuku a ana. Ku Amereka, bungwe la anthu osunga nyumba zowerengeramo mabuku limapereka mendulo ziwiri chaka ndi chaka. Yoyamba, yotchedwa Newbery, inayamba mu 1922 ndipo imapita kwa wolemba mau. Yachiwiri, yotchedwa Caldecott, inayamba mu 1938 ndipo imapita kwa wojambula zithunzi. Dzina limeneli analitenga kwa Randolph Caldecott, Mngelezi amene anayamba ntchito ngati kalaliki wa ku banki m'tauni yaing'ono ya Whitchurch, ndipo akaweruka anali kuyenda m'midzi kujambula akavalo, agalu ndi ng'ombe. Ku Mangalande mendulo ya wolemba, yotchedwa Carnegie, inayamba mu 1936.

Phindu la mendulo siliri m'chitsulocho iai. Buku likapambana, sukulu ndi nyumba zowerengeramo mabuku za dziko lonse zimaligula, osindikiza amalisindikizanso chaka ndi chaka, ndipo mwini wache amalandira gawo lache pa buku liri lonse logulidwa. Ziri ngati ng'ombe yamphongo imene yapambana pa chionetsero: mtengo wache ukwera, ndipo alimi onse afuna ana ache.

Mai amene anagula famu ndi ndalama za kalulu

Ndiyambe ndi Beatrix Potter, amene anabadwa mu 1866 mu mzinda wa London. Makolo ache anali olemera, ndipo monga mwa mwambo wa mabanja otere sanamtumize kusukulu, koma anaphunzira kunyumba ndi aphunzitsi aakazi. Posowa anzache osewera nao, iye ndi mlongo wache anali kuweta akalulu, mbewa, abuluzi ndi kanungu m'chipinda chao, ndipo mtsikanayo anali kujambula tinyamati tsiku ndi tsiku, tiri kudya, tiri kugona, tiri kuthamanga. Atakula anayamba kuphunzira za bowa, najambula mitundu yache yambirimbiri mosamala kwambiri. Mu 1897 analemba zimene anapeza nazitumiza ku bungwe la akatswiri la Linnean Society, koma iye mwini sanakhale nao pa msonkhanowo, chifukwa masiku amenewo akazi sanali kuloledwa kulowamo.

Mu September 1893 mwana wa mphunzitsi wache wakale, mnyamata wa zaka zisanu, anadwala. Beatrix anamlembera kalata yomsangalatsa, naikamo kanthano ka kalulu wosamva dzina lache Peter, amene analowa m'dimba la mwini, nadya ndiwo zamasamba, napirikitsidwa kufikira atataya jekete ndi nsapato zache. Mwini dimba anatola zobvalazo nazipachika pa mtengo kuti zikhale zoopsezera mbalame. Inu amene kalulu anakutheranipo nyemba mudziwa kuti nthanoyi siinama.

Patapita zaka zingapo, anabwereka kalata ija naisandutsa buku. Osindikiza angapo analikana. Iye sanataye mtima, koma mu 1901 analipira yekha kuti amsindikizire mabuku 250. A kampani ya Frederick Warne anabvomera, ndipo mu 1902 buku la The Tale of Peter Rabbit linatuluka ndi zithunzi zamitundu. Pa nthawiyo mwini wache anali ndi zaka 36. Timabuku tache totere tonse pamodzi tinakwana 23, ndipo kufikira lero tiri kugulidwa m'zinenero zambiri.

Tsono imvani chimene anachita ndi ndalamazo. Mu 1905 anaziphatikiza ndi zina zimene mbale wache anamsiyira, nagula famu ya maekala 34 yotchedwa Hill Top, m'mudzi wa Near Sawrey, ku dera la mapiri ndi nyanja kumpoto kwa Mangalande. Ulimi sanali kuudziwa, ndipo sanachite manyazi kuuphunzira kwa mlimi amene anampeza pamalopo. Mu 1913 anakwatiwa ndi loya wa komweko, William Heelis. Pambuyo pache anagula famu yaikulu ya kumapiri yotchedwa Troutbeck Park, nalemba ntchito mbusa waluso, Tom Storey, kuti awete pamodzi nkhosa za mtundu wa Herdwick.

Nkhosa zimenezi n'za komweko, za ubweya wotuwa ndi wolimba, zopirira chisanu cha kumapiri kumene za mitundu ina sizikhala bwino. Ziri ndi khalidwe lodabwitsa: iri yonse imadziwa busa lache, ndipo siisokera ngakhale palibe mpanda, pakuti kamwana kamaphunzira malire kwa mache. Mai Heelis anaona kuti mtundu uwu ukatha, ulimi wa m'mapiri amenewo uthanso. Kotero anasankha nkhosa zabwino zobereketsa, nayesa mankhwala atsopano pa matenda a nkhosa, nayenda m'zionetsero za zaulimi atabvala nsapato za thabwa monga alimi anzache. Mendulo za mabuku zinayamba m'dziko lache iye ataleka kale kulemba kwambiri, kotero mphotho zimene anazilandira ndi manja ache zinali za nkhosa, ndipo zinali zambiri. Alimi oweta Herdwick anamsankha kukhala mtsogoleri wa bungwe lao, mkazi woyamba kusankhidwa chotero, koma anamwalira mu December 1943 asanayambe udindowo. Anasiya maekala oposa 4,000 ndi mafamu oposa khumi m'manja mwa bungwe losunga malo la National Trust, kuti dzikolo lisagulitsidwe chidutswachidutswa ndi kuti nkhosa zija ziwetedwebe.

Wojambula amene anagona ndi abakha

Wachiwiri ndi Robert McCloskey wa ku Amereka, wobadwa mu 1914. Ali mnyamata anaphunzira zojambula mu mzinda wa Boston, ndipo kumeneko anali kuona abakha akuthengo pa dziwe la pakati pa mzinda. Anaganiza zolemba nthano ya bakha amene aolotsa ana ache pa mseu wodzala magalimoto, apolisi naimitsa magalimotowo. Atayamba kujambula anapeza kuti bakha samdziwa bwino, ngakhale anali kumuona masiku onse. Kodi mlomo wache uoneka bwanji ukauonera pansi? Kodi phazi alipinda bwanji poyenda?

Tsono anapita kumsika mu New York nagula abakha amoyo, nakhala nao m'nyumba yache ya m'tauni. Anali kuwatsata chokwawa ndi pepala ndi pensulo m'manja, ndi kuwaika m'bafa kuti aone kasambiridwe kao. Inu oweta abakha mudziwa phokoso ndi ubve umene anapirira. Buku lache, Make Way for Ducklings, linatuluka mu 1941, nililandira mendulo ya Caldecott mu 1942. Mu 1958 analandiranso mendulo yomweyo ndi buku lina, nakhala munthu woyamba kuilandira kawiri. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu uyu anadekha.

Nkhumba inafa, buku linabadwa

Wachitatu ndi E. B. White, wobadwa mu 1899, amene anali wolemba nkhani wotchuka wa magazini ya The New Yorker. Mu 1938 anasamuka mu mzinda nakakhala pa famu yache m'mphepete mwa nyanja yamchere, m'chigawo cha Maine, kumene anaweta nkhuku, atsekwe, nkhosa ndi nkhumba. Chaka china nkhumba imene anali kuinenepetsa kuti adzaiphe nthawi ya chisanu inaleka kudya. Anaimwetsa mafuta a nsatsi, naitana dokotala wa ziweto, nachezera nayo usiku, koma patapita masiku owerengeka inafa. Chinamdabwitsa n'chakuti anamva chisoni chachikulu ndi nyama imene iye yemwe anali kukonza kuipha. Analemba za imfa imeneyi mu 1948, koma mtima sunakhale pansi, ndipo anayamba kufuna njira yopulumutsira nkhumba, ngakhale m'nthano chabe.

Njirayo anaipeza m'khola momwemo. Anaona kangaude wamkulu ali kuluka ukonde wache pakhomo, ndipo tsiku lina anamuona ali kumanga kathumba ka mazira. Pobwerera ku New York anadula kathumbako nakaika m'kabokosi, ndipo tiana tinaswa m'chipinda chache chogona. Anatha nthawi yaitali ali kuwerenga mabuku a akatswiri a akangaude, kuti adziwe ulusi utuluka bwanji ndi ukonde uyambira pati. Pamenepo analemba Charlotte's Web, nthano ya kankhumba konyozeka kamene kapulumuka mpeni chifukwa kangaude analuka mau okatamanda pa ukonde wache. Kankhumbako kakalandira mphotho pa chionetsero cha zaulimi, koma kangaudeyo afa ataikira mazira, monga achitira akangaude enieni. White sanafune kunamiza ana pa za imfa, pakuti mwana wa pa famu aidziwa kale.

Bukuli analilemba mobwereza kangapo lisanatuluke mu 1952, ndipo zithunzi zache anajambula munthu wina, Garth Williams, pakuti mutu umodzi susenza denga. Mu 1953 oweruza a Newbery analipatsa ulemu wotsatira, mendulo yeniyeni naipereka kwa buku lina. Koma lero buku la nkhumba lija liri kuwerengedwa koposa limene linapambana. Oweruza nao ndi anthu.

Gogo amene anayamba ali ndi zaka 65

Kapena wina ati, "Ine ndakalamba, izi n'za ana." Imvani za Laura Ingalls Wilder, wobadwa mu 1867. Iye ndi mwamuna wache anafika ku Mansfield, m'chigawo cha Missouri, mu 1894 ali osauka, nayamba kuswa mphanje pa nthaka ya miyala. Anadziwika ndi kuweta nkhuku, ndipo kuyambira mu 1911 anali kulemba malangizo m'nyuzipepala ya alimi. Buku lache loyamba la ana linatuluka mu 1932 ali ndi zaka 65, ndipo mwana wache wamkazi, amene anali wolemba, anamthandiza kulikonza. Sanapeke za kutali iai. Analemba za ubwana wache: kusunga nyama ndi utsi, kupanga batala, njala ya m'nyengo ya chisanu, ndi dzombe limene linagwa ngati mtambo nkutha tirigu wa atate ache. Mabuku ache asanu analandira ulemu wa Newbery, ndipo mu 1954 anakhazikitsa mendulo yotchedwa ndi dzina lache, imene White uja anailandira mu 1970. Koma mu 2018 dzinalo analichotsa pa menduloyo, chifukwa m'mabukumo muli mau onyoza eni dziko oyamba a ku Amereka ndi anthu akuda. Cholembedwa chimakhala nthawi yaitali, chabwino ndi choipa chomwe.

Nanga kuno ku Afrika?

Musayese kuti mphotho zotere n'za Azungu okha. Ku Ghana kunabadwa Meshack Asare mu 1945, amene anayamba ngati mphunzitsi wa zojambula, nayamba kulemba ndi kujambula yekha mabuku a ana. Buku lache The Brassman's Secret likamba za mnyamata wothandiza atate ache kuumba tizitsulo ta mkuwa timene Aashanti anali kuyesera golide, ndipo mu 1982 linalandira mphotho ya Noma, imene masiku amenewo inali kuperekedwa kwa buku lopambana losindikizidwa mu Afrika. Mu 2015 anakhala munthu woyamba wa mu Afrika kulandira mphotho ya mabuku a ana ya Neustadt ku Amereka. Chuma chache chinali ntchito za manja za kwao.

Ndipo kuno kwathu ambiri mwamva za William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, wobadwa mu 1987. Pa njala ya 2001 ndi 2002 analeka sukulu ya sekondale chifukwa makolo ache, alimi ngati inu, anasowa fizi. Anayamba kubwereka mabuku m'kanyumba kowerengeramo ka pa sukulu ya pulaimale, ndipo m'buku lina anaona chithunzi cha makina opukusidwa ndi mphepo. Chingelezi sanali kuchidziwa bwino, kotero zithunzi ndizo zinamphunzitsa kwambiri. Anatola mitengo ya bulugama, fani ya thirakitala yakutha, njinga yakale ndi dainamo, namanga makina amene anayatsa magetsi m'nyumba ya atate ache. Mbiri yache anailemba pamodzi ndi Bryan Mealer, nituluka mu 2009. Mu 2012 inatulukanso ngati buku la zithunzi la ana aang'ono, ndipo anajambula ndi Elizabeth Zunon, mai amene anakulira ku Côte d'Ivoire. Taonani: chithunzi chimene munthu wina anajambula kutali chinafika ku Wimbe nichisanduka magetsi, ndipo mwana wa ku Wimbe tsopano ali m'zithunzi zimene ana a maiko ena ali kuona.

Yankho kwa bambo uja

Tsono kujambula kudyetsa yani? Sindikunamizani. Olemba ndi ojambula ngambiri, koma olandira mphotho ngowerengeka, ndipo ambiri mwa amene ndatchulawa anali ndi ntchito ina yowadyetsa poyamba: wina banki, wina uphunzitsi, wina nyuzipepala, wina nkhuku. Mwana wanu aphunzire masamu, agwire khasu, adyetse mbuzi. Koma pali chinthu chimodzi chimene onsewa anali nacho, ndicho maso openyetsetsa chinthu kufikira atachidziwa. Maso amenewo ndiwo afunika kwa mlimi wabwino, kwa dokotala wa ziweto ndi kwa mlangizi. Wojambula mbuzi bwino aona msanga mbuzi yodwala. Ndipo zimene McCloskey anachita kugula kumsika, mwana wanu ali nazo pakhomo kwaulere.

Chifukwa chache ndikupemphani zinthu zinai. Choyamba, inu makolo, mwana akatha ntchito zache musamletse kujambula kapena kuumba ng'ombe zadothi. Ngati kope likudandaulitsani, mpatseni makala ndi chikatoni, kapena pepala la thumba la simenti.

Chachiwiri, mpatseni ntchito yeniyeni. Mukapeza mbozi m'chimanga, muuzeni aijambule ndi mizere yache ndi madontho ache, ndiponso tsamba limene yadya. Mlangizi akabwera patapita sabata, adzadziwa ngati inali kapuchi kapena ntchemberezandonda.

Chachitatu, inu agogo, nthano za Kalulu, Fisi ndi Kamba ziri m'mitu mwanu, ndipo mukapita zipita nanu. Muitane mdzukulu wodziwa kulemba, mumuuze pang'onopang'ono, alembe m'chinenero chathu, wina ajambule. Muonjezepo mbiri ya mudzi: kumene makolo anachokera, zaka za njala ndi zimene anthu anadya, mbeu zamakolo ndi maina ache. Zimenezi ndizo zinapatsa ulemu gogo wa ku Missouri.

Chachinai chiri kwa inu mafumu ndi nyakwawa. Kambiranani ndi aphunzitsi kuti makope otere asungidwe pasukulu, pamalo osadontha ndi osafika chiswe. Ndipo pa chionetsero cha zaulimi cha kwanu, pambali pa chimanga ndi mtedza, ikanipo tebulo limodzi la zojambula za ana, ndi kamphotho ngakhale ka pensulo ndi kope. Mau a mfumu alemera. Mukayamikira mwana pa bwalo, atate ache sadzamkalipiranso. M'mera mpoyamba.

Mbuzi ija tinaimwetsa mankhwala ndipo iri kuchira. Bambo uja, ngati muli kumvera, moni, ndipo kope lija musaling'ambe. Sabata yamawa tidzabwerera kumunda, tikambe za kasungidwe ka chimanga m'nkhokwe kuti anankafumbwe asatilande.